Dzanja limene amalume anawongola

Asisi anga anabadwa amanzere. Amayi amati anazindikira mwana adakali kumsana: munthu akamupatsa kachidutswa ka mbatata, kadzanja kotuluka m'nsalu kanali komweko nthawi zonse. Ine ndinabadwa patapita zaka zitatu, ndiye zoyambirirazo ndinangomva. Zotsatira ndinaona ndi maso anga, ndipo zambiri ndinalemba m'kabuku kamene ndimasunga pansi pa zovala m'katoni yanga. Pakamwa panga ndi polemera. Zimene anzanga amanena, ine ndimalemba.

Kwathu ku Pembamoyo dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo sitchulidwa anthu akamadya. Sulandira nalo kanthu kwa wamkulu, superekera nalo moni, supisa nalo m'mbale ya ndiwo. Mtsikana wochita zimenezo, amati, akadzakwatiwa apongozi adzafunsa kuti analeredwa ndi yani.

Atate anamwalira ine ndikukwawa, choncho nkhani ya dzanjali inagwera amalume, alongo awo a amayi, amene ndiwo eni mbumba. Amalume amakonza njinga pamphambano, pansi pa mtengo wa mango, ndipo amayamba kulankhula akamatsegula bokosi la zipangizo, kudzaleka akamalitseka. Sanamenyepo mwana. Iwo amati limu ya njinga ikapindika suipondaponda ayi, umamanga sipoko iyi, kumasula iyo, pang'onopang'ono, mpaka gudumu lisiye kuyenda ngati njoka. Ndi mmene anachitira ndi asisi. Nthawi ya chakudya ankawaveka sokosi yofiira yakale kudzanja lamanzere. Asisi akamaliza kudya sokosiyo ilibe banga la ndiwo, ankalandira kachidutswa ka nzimbe. Pofika giredi 2 anali akudya, kulemba ndi kupereka moni ndi lamanja, ndipo sokosi ija inasanduka chopukutira girisi.

Koma panali malo amodzi amene sokosi sinafikeko: kuseri kwa sukulu, kumene atsikana tinkasewera fulaye. Awiri aima uku ndi uku ndi mpira wa majumbo, wina ali pakati kuzinda uku akuthira mchenga m'botolo. Asisi akatola mpira, dzanja lamanzere linkapita lokha, iwo osalituma. Wapakati sankafika ndi theka lomwe la botolo. Sichinali chinsinsi. Kungoti akuluakulu sayang'ana masewera a atsikana, ndipo ife sitinaone chifukwa chokawafotokozera.

Asisi ali giredi 8, pasukulu pathu panabwera aphunzitsi atsopano a masamu. Anabwera ndi thumba la feteleza, m'katimo muli zinthu zachilendo: mipira yoyera yolimba ngati dzaye, zibonga ziwiri zosalala, ndi magolovesi achikopa otambalala ngati kalichero. Anati masewerawo ndi besibo, ndipo iwo anawaphunzira kukoleji. Ine mpirawo ndinauopa nditangoukhudza, ndiye ndinakhala pamthunzi n'kulemba malamulo ake. Tsambalo lidakalipo:

"Woponya amaima pakachulu pakati pa bwalo. Patsogolo pake pamaima womenya ndi chibonga, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanyonyomala wowakha. Mpira uyenera kudutsa pabwino, pakati pa mawondo ndi chifuwa. Womenya akaphonya itatu yabwino, watuluka. Koma woponya akasokeretsa inayi, womenya amapita mwaulere pathumba loyamba. Matumba alipo atatu kuzungulira bwalo. Woponda onse n'kubwerera pamene anayambira wamwetsa chigoli. Akatuluka atatu, matimu amasinthana."

Anyamata anasewera milungu iwiri n'kubwerera ku mpira wamiyendo. Atsikana tinatsala. Tinatuta dothi lapachulu m'mabeseni n'kuumba kachulu kathu pakati pa bwalo, ndipo asisi anakwerapo. Masiku oyamba omenya ankapita kwawo akutsimphina, mpaka aphunzitsi anati, "Mayi, apa si pa fulaye. Munthuyo usamulase, ungomudutsitsa pafupi." Asisi anamva. Pakutha kwa temu, womenya ankazunguza chibonga mpira uli kale m'manja mwa wowakha.

Magolovesi onse a m'thumba lija anali ovala kumanzere, opangidwira anthu oponya ndi lamanja. Asisi ankavala imodzi motembenuza kudzanja lamanja, chala chachikulu chili polakwika. Aphunzitsi ankati zimenezo ndi zazing'ono. Ankati woponya wamanzere ndi wosowa ngati bowa wa m'chilimwe, chifukwa mpira wake umachokera mbali imene omenya sanaizolowere. Kanali koyamba kumva munthu wamkulu akulitamanda dzanja limenelo. Pobwerera kunyumba asisi ankaimba njira yonse.

Atalemba mayeso a giredi 9, kunabwera mayi wina wamfupi wa mawu aakulu, kochi wa timu ya atsikana ya ku Chipata. Timuyo inali yeniyeni: osewera ankagona malo amodzi, m'mawa ankapita kusekondale, masana kubwalo, ndipo ankalandira yunifomu ndi kangachepe pakutha kwa mwezi. Akochiwo anaona mipira khumi yokha n'kupempha kuonana ndi makolo. Amalume anawalandira pansi pa mango, anawakhazika pabokosi la zipangizo, anawafunsa za chakudya, za malo ogona, za tchalitchi, za anyamata a m'tauni. Za dzanja sanafunse, ndipo akochi sanaone kuti ndi nkhani yoti n'kutchula.

Panali mfundo imodzi. Oponya atsopano anali awiri, asisi ndi mtsikana wina wa ku Katete, koma malo anali amodzi. Patapita miyezi inayi mmodzi adzabwerera kwawo. Kwa asisi kubwerera kunatanthauza kutha kwa sukulu, chifukwa sekondale ili kutali ndi kwathu ndipo amayi sakanatha kuwasunga kumeneko. Kunatanthauza munda wa mtedza ndi kudikira woti adzabwere kudzafunsira mbeta.

Asisi atapita ku Chipata, ankaimba Lamlungu masana pakafoni ka amayi. Tsiku lina anandiitanitsa ine.

"Iwe, akochi andiitanitsira golovesi ku Lusaka. Ya dzanja langa. Ikundikwana ngati anachita kundiyeza."

"Ndi yamtundu wanji?"

"Ukufuna ukalembe? Yofiirira, ngati ng'ombe ya kwa agogo ija. Ulembenso kuti ikununkha nsapato zatsopano."

Ndinalemba.

Masewera awo oyamba anawaika ku boma kwathu ku Chadiza, pabwalo la sukulu, kuti anthu a kumaboma aone besibo ndi maso. Anali kukumana ndi timu ya ku Lusaka. Akochi ananeneratu kuti asisi ndiwo ayambe kuponya, ndipo akalephera alowa mnzawo wa ku Katete, n'kutenga malowo mpaka kalekale.

Linali Loweruka m'nyengo yozizira, mtedza utakumbidwa kale, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga mumsewu. Amalume anavala jekete yawo ya maukwati ndi chipewa chotuwa. Anakweza amayi pakaliyala, ine n'kundipatsa njinga ya kasitomala, ati ndiwayesere mabuleki. Anzawo atatu a pa bawo anatsagana nafe, mmodzi mwa iwo abambo ometa anthu pamphambano pomwepo, amene sadutsa tsiku osakangana ndi amalume. Njira yonse amalume ankaimitsa aliyense wodziwana naye: "Tikupita ku boma. Mphwanga, mwana wa mlongo wangayu, akusewera za azungu."

Pabwalo anali atalemba mizere ndi laimu n'kumanga chingwe kuzungulira. Anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ana a sukulu, amayi ogulitsa zitumbuwa, makondakitala a minibasi odikira kuti galimoto idzaze. Ometa aja ataona wowakha atavala chigoba chachitsulo kumaso, anati, "Kodi masewera amenewa kumatulukanso zilombo?"

"Khalani chete, muli pakati pa ana," anatero amayi, koma akuseka.

Kenako ndinawaona asisi. Buluku loyera, malaya a mizere, kapusi, golovesi yofiirira kudzanja lamanja. Anali atatalika, kapena ndi yunifomu. Atationa anavula golovesi ija, kuipanira kukhwapa, anadutsa pansi pa chingwe n'kugwada pafumbi ndi buluku loyeralo. Anapereka moni kwa amalume ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, monga anaphunzitsidwira.

Amalume sanalisiye dzanjalo. Anawadzutsa n'kulikweza m'mwamba ngati la wankhonya wopambana.

"Anthu inu, yang'anani bwino. Mwana uyu anabadwa wamanzere, amayi ake ali apawa anene ngati ndikunama. Ndinakhala naye zaka zitatu, sokosi ndi nzimbe, sokosi ndi nzimbe. Wina akanamusiya choncho. Lero dzanja limene ndinawongola ine lavala yunifomu, ndipo a ku Lusaka abwera kudzaliona."

"Mukanawongola njinga yanga ngati mmene munawongolera mwanayu, bwenzi ndikukupatsani ulemu," anatero ometa aja.

"Njinga yanu inabadwa yopindika ngati mwini wake."

Anthu apafupi anaseka, ena anawomba m'manja. Amalume maso anali atanyowa. Sindinawaonepo okondwa chotero. Asisi anali kuyang'ana pansi, ndipo ndinaona dzanja lawo lamanzere likubisala pang'onopang'ono kumbuyo, pamodzi ndi golovesi.

"Achimwene, musiyeni mwana apite," anatero amayi motsitsa mawu.

Ndinawatsatira ndi maso mpaka kubenchi la timu yawo. Akochi anali patebulo la oyimbira masewera, akulemba maina. Asisi ananong'oneza mtsikana wina wokhala kumapeto kwa benchi. Mtsikanayo anapukusa mutu, asisi ananong'onanso, ndipo mtsikanayo anapereka golovesi yake yakuda. Asisi anaika yawo yofiirira pansi pa benchi, anavala yakudayo kumanzere, n'kukwera pakachulu mpira uli kudzanja lamanja.

Dzanja lamanjalo limadziwa kulemba bwino, limadziwa kupeta, koma mpira silinaponyepo chibadwire.

Woyamba unagunda pansi usanafike. Wachiwiri unadutsa pamwamba pa mutu wa wowakha n'kukagwera m'beseni la zitumbuwa.

"Akumuyesa kaye," anatero amalume.

Wachitatu unalunjika m'miyendo, womenya n'kudumpha.

"Mwaona? Akuzinda. Akumuopa mphwanga."

Wachinayi utasokera, womenya anataya chibonga n'kuthamanga pang'onopang'ono kupita pathumba loyamba. Amalume anawomba m'manja. "Watuluka mmodzi. Lembani, akalembera." Ndi mmene amanditchulira chifukwa cha kabuku kanga.

"Nanga wotulukayo akusekereranji?" anafunsa ometa aja.

"Manyazi. A m'tauni akachita manyazi amaseka."

Akochi anali ataimirira kale, akuitana asisi, asisi ngati sakumva. Womenya wachiwiri nayenso anapita mwaulere. Apo akochi anaimitsa masewera n'kupita pakachulu. Sindinamve zimene ankanena, ndinangoona mikono yawo ikukwera ndi kutsika, asisi atazyolika. Zimene zinanenedwa pamenepo asisi anandiuza pafoni Lamlungu lotsatira. Akochi anafunsa ngati dzanja lavulala, iwo anati ayi. Anafunsa kumene kuli golovesi yawo, iwo chete. Anati, "Ndiyankhe, ndikulankhula ndi iwe," iwo chete. Akanayankha chiyani? Kwathu mwana sauza mlendo kuti amalume ake alakwitsa. Akochi anati, "Ndikupatsa womenya mmodzi. Ukamusokeretsanso, utsike."

Womenya wachitatuyo anaima osagwedeza n'komwe chibonga, podziwa kuti mpira wabwino subwera. Inayi inasokera. Matumba onse atatu anadzaza. Kumbali kwa benchi mtsikana wa ku Katete anali atayamba kutenthetsa mkono, ndipo ndinkamva mpira wake ukulowa m'golovesi ya mnzake, pha, pha, pha.

Pabwalo lonselo, amene tinkadziwa chimene chikuchitika tinali ochepa, ndipo wokhala pafupi ndi amalume ndinali ine. Chibadwire sindinawauzepo amalume mawu opitirira moni ndi "inde". Ndinatsegula kabuku, ndinalemba mizere iwiri, ndinagwada pambali pawo n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anakayang'ana patali, anakayang'ana pafupi. "Magalasi ndasiya m'bokosi, akalembera. Tandiwerengerani, anzangawa amve nawo."

Anzawo aja anatembenuka onse atatu. Ndinasendera mpaka pakamwa panga panafika pakhutu lawo, pamene pankanunkha sopo ndi girisi.

"Malume, asisi amaponya ndi lamanzere. Kuyambira kale. Lero akuponya ndi ili chifukwa cha mawu anu aja. Anthu atatu aima pamatumbawo sanatuluke, asisi ndiwo akulephera. Akatsika pakachulupo awabweza kumudzi."

Amalume sanagwedezeke. Anayang'ana pakachulu, anayang'ana mtsikana wa ku Katete, anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake ngati muli yankho.

"Nanga sokosi ija?" anafunsa motsitsa.

"Inagwira ntchito, malume. Amadya ndi lamanja."

Anatembenukira kwa amayi. "Inu mumadziwa?"

Amayi sanachotse maso pabwalo. "Ndinabala ndine, achimwene."

"Mukunong'onezana chiyani apa?" anafunsa ometa aja. "Akalembera alankhula lero, mvula igwa mu Juni."

Amalume anavala chipewa, anaimirira, anasasa fumbi pajekete. Akochi anali atanyamuka kale kubenchi, akupita pakachulu, mtsikana wa ku Katete ali pambuyo pawo. Amalume anatenga njinga yawo n'kuyamba kuikankha m'mbali mwa chingwe, kulowera mbali imene asisi ankayang'ana. Atafika moyang'anizana ndi kachulu analiza belu katatu. Anthu anacheuka, asisi anadzutsa mutu. Amalume sanawayang'ane. Anatembenukira kwa amayi, amene anali atatsala kutali ndithu, n'kukweza mawu aja amene amaitanira makasitomala tsidya lina la msewu.

"Mlongo wanga, ndikupita kumsika kukafuna masipoko. Ndichedwako. Ndichedwa kwambiri. Za kuno sindiziona, ndipo zimene sindinaone sindidzafunsa."

Anatembenuza njinga, anapereka msana kubwalo, n'kumapita, belu likulira lokha m'mabampu.

Asisi anawayang'ana mpaka anakhota kuseri kwa makalasi. Kenako anavula golovesi yakuda ija. Akochi anali atafika, atatambasula dzanja kuti alandire mpira. Apa ndinamva ndi makutu anga, chifukwa bwalo linali litakhala chete.

"Akochi, mmodzi yekha."

"Ndinakupatsa kale mmodzi."

"Mmodzi yekha, chonde."

"Ndi dzanja liti?"

"Langa."

Akochi anawayang'ana nthawi yaitali. Kukhwapa kwawo kunali golovesi yofiirira ija; anali ataitola pansi pa benchi. Anaiponya pachifuwa pa asisi, anatenga yakudayo, anagwira mtsikana wa ku Katete paphewa n'kubwerera naye.

Womenya wachinayi anali mtsikana wamtali amene ankaseka ndi anzake nthawi yonseyi. Asisi anapukuta dzanja lamanzere pabuluku, pamene panali fumbi la kugwada kuja. Anatembenukira mbali inayo, anakweza bondo lamanja mpaka pachifuwa, ndipo mkono unatuluka kumbuyo kwawo ngati mmene unkatulukira kuseri kwa sukulu. Mpira sindinauone. Ndinangomva kuti phwaa m'golovesi ya wowakha, kafumbi n'kutuluka. Oyimbira anakweza chibakera, kusonyeza kuti wadutsa pabwino.

Anthu ambiri pamenepo malamulo sankawadziwa, koma kulira kumeneko anakumva. Amayi ogulitsa zitumbuwa analuluta. Pa mpira wachiwiri, mtsikana wamtali uja anazunguza chibonga mpaka kapusi inagwa. Wachitatu unabwera ngati ukupita kunja, n'kukhotera m'kati pamapeto, iye atangoima. Anabwerera kubenchi kwawo osaseka.

"Mwanayu akuponya ndi dzanja lolakwika," anatero mmodzi mwa anzawo a amalume.

"Lolakwikalo ndi limene likugwira ntchito," anayankha ometa aja. "Kodi mwini sokosi wapita kuti?"

Wotsatira anaukhudza mpira, unagubuduka pansi, anamutulutsa pathumba loyamba poufikitsa mpirawo iye asanafike, koma amene anali pathumba lachitatu anathamanga n'kumwetsa chigoli. Winayo asisi anamutulutsa ndi mipira itatu yokha. Potsika pakachulu anzawo anawathamangira, kuwamenya pamsana ndi magolovesi. Iwo anayang'ana kumene amalume anakhotera.

Inenso ndinayang'ana komweko. Kuseri kwa makalasi kuli thanki yamadzi pamwamba pa chipilala cha njerwa. M'mbali mwa chipilalacho munkaoneka theka la chipewa chotuwa ndi gudumu lakutsogolo la njinga. Asisi akakweza bondo, chipewacho chinkasuzumira. Mpira ukalira m'golovesi, chinkabwerera. Sindinauze aliyense. Ndinangolemba kuti: "Msika wa masipoko uli kuseri kwa thanki."

Asisi anaponya mpaka dzuwa linapendeka, ndipo a ku Lusaka anangowonjezera chigoli chimodzi. Timu ya asisi inamwetsa chimodzi chokha. Anagonja ndi chigoli chija cha mtsikana amene anapita mwaulere poyamba.

Amalume anatulukira anthu akubalalika, phava la nthochi lili pakaliyala.

"Masipoko ali kuti?" anafunsa ometa aja.

"Atha."

"Mwaphonya zambiri. Dzanja munawongola lija labwerera mwakale, anthu onse aona."

"Inu mumameta mitu koma m'kati mwake simudziwa zimene zilimo," anatero amalume. "Ine ndinawongola lodyera. Loponyera sindinalikhudze, ndinkalisungira tsiku la lero."

"Si mmene munanenera m'mawa."

"M'mawa munali ndi njala, simunamve bwino."

Akochi anabwera ndi asisi, atawagwira pakhosi la malaya ngati mwana wothawa jakisoni. Anaima pamaso pa amalume, mutu wawo ukulekeza pathumba la jekete.

"Bambo, chigoli chatigonjetsachi ndi chanu."

Amalume anavula chipewa. "Ndalandira, mayi, ndi manja awiri."

Akochi anayesa kusunga ukali koma pakamwa panawakanika. Anatembenukira kwa asisi. "Lolemba faifi koloko m'mawa ndikupeze pabwalo. Ukadzabisanso golovesi imeneyi pansi pa benchi, ndidzakukweza minibasi yoyamba ya ku Chadiza."

Asisi anati, "Inde, akochi." Amayi anakhala pansi pomwepo paudzu n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Mtsikana wa ku Katete uja anakhala pabenchi tsiku lonse, mkono atautenthetsa pachabe. Patapita milungu iwiri anabwerera kwawo. Asisi anati anamuperekeza kusiteshoni ndipo analira onse awiri. Dzina lake ndinalilemba kumapeto kwa kabuku kanga, kuti pakhale wina womukumbukira kuti analipo.

Minibasi ya timu isananyamuke, amalume anathyola nthochi. Asisi anagwada n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere lili pachigongono. Amalume anaikamo nthochi imodzi. Kenako anagwira lamanzere lija, analitembenuza, anayang'ana matuza a pazala ziwiri, anawakhudza ndi chala chawo chakuda ndi girisi wosachoka.

"Ili nalonso lagwira ntchito," anatero. Anathyola nthochi ina n'kuiika m'menemo, n'kupinda zalazo okha.

Asisi anakhala chogwada, nthochi uku nthochi uku, osadziwa chochita. Anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana amayi. Pamapeto pake anaika ya kumanzere ija m'kati mwa golovesi, anasenda ya kumanja n'kudya.

Tsopano papita zaka ziwiri, ine ndili giredi 9, ndipo asisi adakali m'timu. Akabwera patchuthi amadyabe ndi lamanja, amalandirabe ndi lamanja, palibe amene anawauza kuti asinthe ndipo iwo sanafunse. Koma amalume anapachika tayala lakale la njinga panthambi ya mango, kumbuyo kwake n'kumangako chiguduli, ndipo anayeza mtunda ndi mapazi awo monga ndinawawerengera m'kabuku. Masana asisi amaima pamenepo ndi mipira yawo itatu. Amalume amatembenuza bokosi lawo, kupereka msana, n'kuweramira gudumu limene akukonza. Sacheuka ngakhale kamodzi. Mpira ukalira pachiguduli amangoti, "Umenewo wadutsa." Ukagunda tayala amapukusa mutu, sipanala ili m'manja.

"Umenewo wakhota, mphwanga. Ponyanso."